Lipoti: Ndalama ya Constantine ya ku Siscia imene ankati m'buku mulibe

Ndalama ndi funso lake

Ndalama imene tikuifotokoza pano ndi yamkuwa, ya mfumu ya Aroma Constantine Woyamba, ya mtundu uja wokhala ndi chipata cha linga la asilikali kumbuyo kwake. Mwiniwake anaigula m'mulu wa ndalama zosatsuka bwinobwino, ndipo pa kathumba kake analembapo kuti mu RIC mulibe. Zifukwa zake zinali zinayi. Chipata chili ndi mizere ya miyala yambiri kuposa pa chithunzi chimene iye anayerekeza nacho, ndipo mzere wapamwamba uli ndi timadontho. Pakhomo pa chipatacho pali kadontho kamodzi. Chilembo choyamba cha m'munsi anachiwerenga kuti ndi Δ ya Chigiriki, imene siionekaoneka pa ndalama za Constantine mwiniyo za mtundu umenewu. Chachinayi, pamwamba pa chipata palibe nyenyezi imene imakhalapo pa ndalama za mtundu uwu. Ankafuna kudziwa ngati angailembe kuti ndi mtundu watsopano.

RIC ndi chidule cha Roman Imperial Coinage, mabuku amene osonkhanitsa ndalama zakale ndi ogwira ntchito m'nyumba zosungira zakale amatengamo manambala a ndalama za mafumu a Aroma. Ndalama za zaka za 313 mpaka 337 zili m'buku la 7, lolembedwa ndi Patrick Bruun, limene linatuluka mu 1966. Chaka chimenechi musachiiwale. Bruun analemba zimene anaziona m'nkhokwe zimene anazifikira pa nthawiyo, ndipo zizindikiro zake za kusowa kwa ndalama zimawerenga zomwezo: r5 ndi ndalama imene anaipeza imodzi yokha, r4 ndi ziwiri kapena zitatu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndalama zankhaninkhani zokumbidwa m'maiko a ku Balkan zinayamba kufika pamsika, zambiri mwa izo zodindidwa m'mizinda ya Siscia ndi Thessalonica. Choncho kupeza ndalama imene Bruun sanaione si chozizwitsa ayi. Komabe mwa ndalama zimene zimabwera ndi mawu akuti m'buku mulibe, zambiri zimapezeka kuti zilimo, kapena kusiyana kwake ndi kwa mtundu umene bukulo silinafune n'komwe kuwerenga.

Zimene zinayezedwa

Tisanatsegule buku lililonse, ndalama imayamba yafotokozedwa monga ilili. Ukayamba ndi buku, maso amaona zimene bukulo lanena.

Pa sikelo yowerenga mpaka 0.01, ndalamayi ikulemera magalamu 3.08. M'mimba mwake ndi mamilimita 18.6 mbali yopapatiza ndi 19.4 mbali yotakata. Mukaigwira mutu uli chilili n'kuitembenuza chamumbali, chipata chimaoneka chozondoka, ndiye kuti zidindo ziwiri, zitsulo zozokota zimene ankadindira mbali ziwiri za ndalama pomenya ndi nyundo, zinayang'anizana pa 6 koloko. Kumbali ya mutu kuli mawu akuti CONSTAN-TINVS AVG, ndi mutu woyang'ana kumanja wovala nkhata ya masamba, wopanda chovala paphewa. Mu RIC VII mutu wotere ndi B1. Kumbuyo kuli PROVIDEN-TIAE AVGG, chipata cha nsanja ziwiri chopanda zitseko, ndipo pansi pa mzere pali chilembo chimodzi, kenaka SIS, kenaka timiyezi tiwiri, kena m'kati mwa kanzake. Patina yake, kachikuto kamene kamabwera pamwamba pa mkuwa wokhalitsa, ndi yobiriwira modera, yolimba, ndipo m'makona a zilembo mwatsala siliva pang'ono. Chidindo cha kumbuyo chinagwa mopendekera kumanzere ndi milimita imodzi, moti mkombero wa timikanda ukuoneka kumanja, pamwamba ndi pansi, koma kumanzere unatuluka kunja. Kupendekera kumeneku tikugwiritsa ntchito kutsogoloku.

SIS ndi Siscia, mzinda umene lero ndi Sisak ku Croatia. Nyumba yake yodindira ndalama inali ndi magulu asanu a amisiri, otchedwa officina, ndipo gulu lililonse linkaika chilembo chake cha Chigiriki: A, B, Γ, Δ, E. Chithunzi cha chipata chinafalikira ku nyumba zodindira za ufumu wonse Constantine atagonjetsa mfumu inzake Licinius mu 324. Ku Siscia chinadindidwa m'magulu otsatizana, osiyana ndi chizindikiro cha m'munsi. Gulu la timiyezi tiwiri RIC imaliika mu 328 mpaka 329, ndipo mulibe ndalama za Crispus, mwana wa Constantine amene anaphedwa mu 326. Ndalama ya Constantine ya mutu wa B1 m'gulu limeneli ndi RIC VII Siscia 214. Kulemera kukugwirizana: pa nthawiyo ankadula ndalama 96 pa paundi ya Aroma, ndipo zimene zatsala lero zimakhala pafupi ndi magalamu atatu. Mu 330 anazichepetsa kufika pafupifupi magalamu 2.5.

Msampha umodzi woyenera kuutseka msanga: mwana wake, Constantine Wachiwiri, ali ndi ndalama m'gulu lomweli, mutu wake nawonso wa nkhata ya masamba. Zake zimawerengeka CONSTANTINVS IVN NOB C, kumbuyo CAESS osati AVGG. Mawu a kumapeto akafufutika, anthu amasokoneza bambo ndi mwana n'kulengeza kuti apeza ndalama ya zidindo zosakanizika. Pa ndalama yathuyi AVG ndi AVGG zikuwerengeka bwino.

Zimene buku limawerenga ndi zimene siliwerenga

RIC imapatsa ndalama nambala poyang'ana zinthu zochepa: mwini mutu, mawu a kumbali ya mutu, mtundu wa mutuwo kapena chifuwa, chithunzi ndi mawu a kumbuyo, ndi chizindikiro cha nyumba yodindira pamodzi ndi zilembo kapena timadontho ta m'mbali mwa chithunzi. Zilembo za officina zimandandalikidwa pansi pa nambala imodzi. China chikasintha mwa zimenezi ndipo m'buku mulibe, pamenepo ndiye tinganene kuti ndalama njosalembedwa.

Pali gulu lachiwiri la zosiyana. Chidindo chilichonse chinkazokotedwa ndi dzanja, ndipo nyumba yaikulu ngati ya Siscia inkatha zidindo zambirimbiri pa gulu limodzi. Mmisiri aliyense anali ndi dzanja lake: kuchuluka kwa mizere ya miyala, maonekedwe a nsanja, kutalika kwa khomo, nthambi za nyenyezi, zingwe za nkhata kumbuyo kwa mutu. Zimenezi RIC sinazilembe, osati chifukwa Bruun sanazione, koma chifukwa sizithandiza kusiyanitsa gulu ndi gulu. Gulu lachitatu ndi ngozi: chidindo chodzaza zinyalala, chong'aluka, kudinda kawiri, dzimbiri, ndi dzanja la wotsuka. Ntchito yonse ya lipoti ili ndi kuika chilichonse mwa zinthu zinayi zija m'gulu lake.

Kodi ndalamayo ndi ya boma la Aroma?

Funso ili limayamba, chifukwa chachilendo chopezeka pa ndalama yachinyengo sichilowa m'kaundula. Ndalama youmba m'chikombole masiku ano imakhala ndi msoko kapena zizindikiro za tupa m'mphepete, timaenje tozungulira ta mpweya, ndi zilembo zofewa zosalekana bwino ndi bwalo. Yathuyi m'mphepete mwake muli timing'alu tolowa m'kati, tobwera ndi mphamvu ya nyundo, ndipo patina yalowa mpaka m'timing'alumo. Njodinda, ndiponso njakale.

Zotsanzira zakale ndi nkhani ina. M'zaka za m'ma 300 anthu ankasula ndalama zawozawo potsanzira za boma. M'dera la mtsinje wa Danube zotsanzira VICTORIAE LAETAE PRINC PERP za ku Siscia zilipo zochuluka, ndipo ku Britain ndi ku Gaul kwadzaza zotsanzira GLORIA EXERCITVS ndi FEL TEMP REPARATIO. Zimadziwika ndi kupepuka, zilembo zosokonekera, N ndi S zoyang'ana chammbuyo, I wobwerezabwereza m'malo mwa mawu, ndi zidindo zoyang'anizana paliponse, osati pa 12 kapena 6 koloko. Zina zinapangidwa mwaluso ndithu, ndipo zimenezi ndi zimene zimabala "mitundu yatsopano" yambiri. Pa ndalama yathu kulemera, kukula, kaimidwe ka zidindo, kalembedwe ndi nkhope zonse zikufanana ndi ndalama za boma za ku Siscia za gulu lomweli.

Mizere ya miyala

Apa sipofunika kukhalitsa. Chipata chili ndi mizere 9, kuwerenga pambali pa khomo kuchokera pa mzere wa pansi, kuphatikizapo wapamwamba wa timadontho. Pa ndalama za mtundu uwu mizere imayambira pa isanu kapena isanu ndi umodzi mpaka kupitirira khumi, ndipo mzere wapamwamba wokongoletsedwa ndi timadontho kapena timauta umaoneka kawirikawiri ku Siscia ndi ku Thessalonica. Chinthu chimodzi chokha chinayenera kuyesedwa: ngati mizere inachuluka chifukwa chodinda kawiri. Ndalama ikadumpha pakati pa nyundo ziwiri, si miyala yokha imene imabwerezeka. Zilembo ndi nsanja nazonso zimakhala ndi mthunzi woloza mbali imodzi. Pano mthunzi palibe. Ndi dzanja la mmisiri basi.

Nsanja zikanakhala zitatu kapena zinayi, bwenzi nkhani ili ina, chifukwa chiwerengero cha nsanja buku limachitchula. Zipata za nsanja zitatu ndi zodziwika pa ndalama zodindidwa ku Heraclea pa nthawi ya Licinius, ndipo pa za ku Arles pali chipata cha nsanja zinayi ndi zitseko zotsegula, cha mawu akuti VIRTVS AVGG kapena VIRTVS CAESS.

Chilembo cha officina

M'gulu la timiyezi tiwiri, ndalama za Constantine mwiniyo zimapezeka kwambiri ndi A, B ndi Γ, pamene Δ imaonekera kwambiri pa za mwana wake wina, Constantius Wachiwiri, ndipo E pa za Constantine Wachiwiri. Mwini ndalama sanalakwe kuima pa chilembo chimenechi. Vuto ndi lakuti A ndi Δ zimasiyana ndi kamzere kamodzi: ka A kali pakati, ka Δ kali pansi. Kachilembo kake n'kosakwana mamilimita awiri, ndipo pansi pake pamadutsa mkombero wa timikanda, umene ukaphwanyika umaoneka ngati tsinde la Δ.

Pa galasi lokulitsa ka 10 chilembocho chinkaonekadi chotsekeka pansi. Pa maikulosikopu, pokulitsa ka 30, "tsinde" lija linapezeka kuti ndi dothi louma lobiriwira, lokhala pamwamba pa patina, lamtundu wosiyana ndi miyendo ya chilembo. Linanyowetsedwa ndi dontho la madzi oyera opanda mchere, n'kutokosedwa pang'onopang'ono ndi kamtengo kansungwi kosongola, ndipo linachoka. Miyendo iwiri inatsala yotasa, yosakhudzana, ndipo pakati panaoneka kamzere kopingasa kofooka. Kenaka chilembocho chinayerekezedwa ndi A wa mu TIAE ndi wa mu AVGG pa chidindo chomwecho: kupendekera kwa miyendo ndi kumodzi. Ndi A.

Asidi, madzi a mandimu kapena kutsuka ndi magetsi sizigwiritsidwa ntchito pa ntchito yotere. Zimachotsa patina pamodzi ndi umboni, chifukwa pa ndalama zambiri zamkuwa zilembo zing'onozing'ono zatsala mu patina momwemo, chitsulo cha pansi chinadyeka kale.

Chikanakhala Δ, tikanayang'ana mndandanda wa zilembo pansi pa nambala 214 ndi mawu a m'munsi mwa tsamba. Kupanda kupezeka, tikanalemba kuti officina yosalembedwa, nambala n'kukhalabe yomweyo. Zotere n'zoyenera kuzisunga m'kaundula, koma ndi kusiyana kwakung'ono kuposa kwina konse, ndipo ogulitsa ena amakukweza mtengo mopitirira muyeso.

Kadontho ka pakhomo

Kadonthoka kanafuna nthawi, chifukwa kangathe kukhala zinthu zitatu zosiyana kwambiri.

Kangakhale chizindikiro choikidwa dala. Pa ndalama za chipata za ku Antioch kuli gulu limene limadziwika ndi kadontho pakhomo, ndipo buku limaliwerenga palokha. Ndiye funso si lopanda pake. Kangakhalenso chotupa cha dzimbiri: mkuwa ukamadyeka pansi pa patina umatukumula kachiphuphu, kawirikawiri kofiirira m'kati, kopanda tsinde lozungulira bwino, ndipo patina ya m'mbali mwake imang'ambika. Kachitatu ndi kadontho ka kampasi. Mmisiri asanazokote, ankabaya mwendo umodzi wa kampasi pakati pa chidindo n'kujambula mkombero wa timikanda ndi mzere wa zilembo. Pobayapo pankatsala kadzenje. Chilichonse cholowa m'kati pa chidindo chimatuluka chotumphuka pa ndalama, ndiye kadzenjeko kamabala kadontho. Pa zithunzi zambiri kamakwiririka ndi chithunzi chenichenicho, koma pamene pakati pa chidindo pali bwalo losalala kamatsala poyera. N'chifukwa chake kamaoneka pa ndalama zina, pakati pa mawu a VOT m'kati mwa nkhata, ndiponso m'makomo a zipata zazitali khomo.

Kuyesa kwake n'kosavuta, koma ambiri amakulakwitsa poyeza kuchokera m'mphepete mwa ndalama. Mphepete ya ndalama si mphepete ya chidindo, makamaka pa ndalama yodindidwa mopendekera ngati iyi. Muyeso umatengedwa pa mkombero wa timikanda. Ndalama inajambulidwa kamera ili mowongoka pamwamba pake, rula ili pambali pa msinkhu womwewo. Pa kompyuta tinasankha timikanda titatu totalikirana, kamodzi pamwamba, kena kumanja, kena pansi, n'kujambula bwalo lodutsa pa titatuto. Bwalolo linatuluka la mamilimita 18 m'mimba mwake, ndipo pakati pake panagwa pa kadontho kaja, kusiyana kosakwana mamilimita 0.2. Tinabwereza ndi timikanda tina titatu, yankho lomwelo. Poyeza kuchokera m'mphepete mwa ndalama, kadonthoko kamaoneka kali kumanzere ndi milimita yathunthu, n'chifukwa chake mwiniwake sanakaganizire kuti n'kapakati.

Maonekedwe ake akuvomereza. N'kakang'ono, pafupifupi theka la timadontho ta mzere wapamwamba, kosongoka pang'ono, kali cha kumtunda kwa khomo, ndipo patina yake ndi imodzi ndi ya bwalo. Kadontho koikidwa dala ngati chizindikiro kamakhala konenepa, kofanana kukula ndi timadontho ta m'zizindikiro za m'munsi, ndipo kamabwerezeka pa zidindo zambiri ndi ma officina angapo. Aka ndi ka kampasi. Kamalembedwa m'mafotokozedwe ngati chizindikiro chodziwira chidindo, osati ngati mtundu.

Nyenyezi yosowa

Apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni, chifukwa nyenyezi ya pamwamba pa chipata ili m'mafotokozedwe a mtunduwu m'buku. Kusowa kwake kungabwere m'njira zinayi: inapalidwa ndalama itadindidwa kale, sinatuluke chifukwa nyundo inafooka, kadzenje kake pa chidindo kanadzaza, kapena sinazokotedwe n'komwe.

Kupala kumayesedwa ndi kuwala kwa m'mbali. Tochi imaikidwa pansi kwambiri, pa madigiri 10 mpaka 15, m'chipinda chamdima, ndipo ndalama imazunguzidwa kuti kuwala kubwere mbali zonse zinayi. Popalidwa pamakhala kachigwa kosazama, timizere toyenda mbali imodzi, ndi patina yosiyana mtundu kapena yopakidwa. Kathonje konyowetsa asetoni, mankhwala osungunula utoto, kakapukuta pamalopo kamachotsa phula, utoto kapena zomatira, koma patina yeniyeni sikaikhudza. Pa ndalamayi kathonje kanabwera koyera, bwalo la pakati pa nsanja ndi losalala pa msinkhu umodzi ndi bwalo la m'mbali, ndipo pamalo penipeni poyenera nyenyezi padutsa kachigamba ka siliva wakale. Mpeni ukanadutsapo, silivayo sakanatsala. Kupala kwachoka.

Kufooka kwa nyundo kumafuna kuyang'ana kuseri. Chitsulo chimathamangira kumene chidindo n'chozama, ndiye malo oyang'anizana ndi mbali yotumphuka kwambiri ya mutu amatha kutuluka ofooka. Popeza zidindo zili pa 6 koloko, pamwamba pa chipata payang'anizana ndi khosi la mfumu. Zikanakhala pa 12 koloko pakanayang'anizana ndi pamwamba pa mutu. Khosi limakokadi chitsulo. Koma nsanja ziwiri, zimene zili mbali ndi mbali ya malowo ndipo n'zozama kuposa nyenyezi, zatuluka zathunthu mpaka kunsonga, ndipo N ndi T za m'mbali mwake n'zakuthwa. Mphamvu inakwana.

Zatsala ziwiri, ndipo kuzilekanitsa ndi ndalama imodzi n'kovuta. Chidindo chikamagwira ntchito, fumbi la chitsulo, mafuta ndi litsiro zimakanikizika m'timaenje take. Nthambi zopyapyala za nyenyezi zimadzaza poyamba, pakati pamatsiriza. N'chifukwa chake nyenyezi ya chidindo chodzaza nthawi zambiri imasiya kachithunzithunzi: kachotupa kofooka pakati, kapena bwalo lokhakhala mosiyana ndi pozungulira. Pokulitsa ka 40, ndi kuwala kochokera mbali zinayi, pano sipanaoneke kanthu. Timizere tosonyeza kuyenda kwa chitsulo, toloza kunja kuchokera pakati, tadutsa pamalopo osaduka. Zimenezi zikukomera ganizo lakuti nyenyezi sinazokotedwe. Koma litsiro lokanikizika kwa nthawi yaitali limatha kulimba n'kusalala mofanana ndi nkhope ya chidindo, osasiya chizindikiro chilichonse chooneka pa ndalama imene yagona m'nthaka zaka pafupifupi 1,700. Amene anganene motsimikiza pa ndalama imodzi akunena zoposa zimene waona.

Chinthu china choyenera kuchiona ndi malo. Pakati pa nsanja pali mpata wa mamilimita atatu, ndipo mawu adulidwa pakati pa N ndi T monga mwa nthawi zonse, kusiya danga pamwamba. Mmisiri anakonza chithunzi chokhala ndi malo a nyenyezi. Ngakhale zitatsimikizika kuti sanaizokote, kudzakhala kuiwala kwa munthu mmodzi pa chidindo chimodzi, osati lamulo latsopano lochokera kwa akuluakulu a nyumba yodindira.

Kumene tinafufuza

RIC VII inawerengedwa ndi mawu ake a m'munsi mwa tsamba, chifukwa zosiyana zambiri Bruun anazitchula kumeneko osati m'ndandanda. Kenaka Late Roman Bronze Coinage ya Carson, Hill ndi Kent ya 1960, imene gawo lake loyamba likuyambira 324 mpaka 346. OCRE, kaundula wa pa intaneti wa American Numismatic Society, ndi wothandiza pa zithunzi za m'nyumba zosungira zakale, koma amatsatira manambala a RIC. Kusowa kwa chinthu mmenemo si umboni wachiwiri, ndi umboni womwe uja wobwerezedwa. Zoonjezera pa RIC VI ndi VII zimasonkhanitsidwa pa tsamba lotchedwa Not in RIC, ndipo n'kulakwa kulengeza ndalama ya zaka zimenezi usanayang'ane kumeneko. Potsiriza, zithunzi za m'misika yakale ya ndalama, posaka ndi nambala 214 komanso ndi mawu a kumbuyo okha, popeza ogulitsa ambiri amalemba nambala yolakwika kapena amakopera mafotokozedwe okhala ndi nyenyezi osayang'ana ndalama yawo. Pofufuza chinthu chosowa, mawu sathandiza. Pamafunika kuyang'ana chithunzi chimodzichimodzi. Ndalama ina ya chidindo chomwechi sinapezeke.

Chigamulo ndi kalembedwe

Mwa zinthu zinayi, zitatu zagwa: mizere ndi dzanja la mmisiri, chilembo ndi A, kadontho ndi ka kampasi. Nyenyezi yatsala yosagamulidwa, ngakhale umboni ukupendekera ku chidindo chosazokotedwa. Pa kathumba palembedwa motere: Constantine I, Siscia, officina A, 328 mpaka 329, RIC VII Siscia 214 var.?, nyenyezi sikuoneka, magalamu 3.08, mamilimita 19, 6 koloko. Chizindikiro cha funso chikhalepo. Kamzere kosonyeza kuti mu RIC mulibiretu nambala kamasungidwira ndalama imene mutu, mawu kapena chizindikiro cha nyumba yodindira sizikugwirizana ndi nambala iliyonse, var. ndi ya ndalama yokhala ndi nambala koma yosiyana pa chinthu chimodzi chotchulidwa, cf. ndi pamene tikungoloza nambala yoyandikira.

Chotsegula nkhaniyi ndi ndalama yachiwiri ya chidindo chomwecho. Njerwa zoumbidwa m'chikombole chimodzi chobenthuka pakona zonse zimatuluka ndi chilema pamalo amodzi, ndipo chikombole chikamakalamba chilemacho chimakula. Zidindo ndi chimodzimodzi. Zizindikiro za chidindo ichi ndi izi: mizere 9, wapamwamba wa timadontho 6; kadontho ka kampasi cha kumtunda kwa khomo; nsanja ya kumanzere yayandikira phazi la N kuposa mmene ya kumanja yayandikirira T; ndi kamng'alu kotumphuka kochokera pa I wa mu TIAE kupita pa ngodya ya kumanja ya chipata, kotalika mamilimita awiri. Kamng'alu ka chidindo kamatumphuka pa ndalama. Kokandika pambuyo pake kamalowa m'kati. Musasokoneze ziwirizi.

Poyerekeza, zithunzi ziwiri zimakulitsidwa mofanana, china n'kuchipepusa kuti chionetse cha pansi, kenaka kuzisanjikiza mogwirizanitsa mkombero wa timikanda ndi zilembo zitatu zotalikirana. Zilembo zonse ndi miyala zikagwa pamodzi, chidindo ndi chimodzi. Kufanana kwa maso okha sikukwanira, chifukwa mmisiri mmodzi ankazokota zidindo zambiri zofanana ngati mapasa.

Ikapezeka ndalama ya chidindo ichi yokhala ndi nyenyezi, kamng'alu kali kafupi kapena kulibe, ndiye kuti nyenyezi inalipo n'kudzaza pambuyo pake, var. ichotsedwe, ndalama ndi 214 wamba. Ikapezeka yopanda nyenyezi, kamng'alu kali kafupi kapena kulibe, ndiye kuti chidindo chinalibe nyenyezi chikadali chatsopano. Chizindikiro cha funso chichotsedwe, var. itsale. Ikapezeka yokhala ndi nyenyezi koma kamng'alu kali kotalikirapo, ndiye kuti wina m'nyumba yodindira anaona cholakwacho n'kubweza chidindo kwa wozokota, kapena anachitsuka litsiro likuchoka. Pamenepo pafunika kuona ngati nyenyeziyo njakuthwa kuposa zilembo zotopa zoizungulira. Zoti panali gulu lopanda nyenyezi lodindidwa dala zingayambe kukambidwa pokhapokha zitapezeka zidindo zingapo zosiyana, makamaka za ma officina osiyana, zonse zopanda nyenyezi.

Mwini ndalama walangizidwa kuti asaitsukenso kapena kuipaka phula pamwamba pa chipata, aisunge m'kathumba kopanda pulasitiki ya mtundu wa PVC pamalo ouma, ndipo asunge zithunzi za mbali zonse ziwiri, china cha kuwala kowongoka ndi zinayi za kuwala kwa m'mbali, pamodzi ndi zolemba za kumene anaigula ndi tsiku lake.